Ndikufuna kupalasa njinga kuchokera ku Tete kukazungulira ku Angonia, ndidzere kuti?

WaMatundo:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso. Ine ndimakhala ku Matundo, mu mzinda wa Tete ku Mozambique, ntchito ndimagwira ku Moatize. Makolo anga ndi a ku Angonia koma ndinakulira kuno kotentha. Kumudzi ndimangopita pa chapa (minibasi) kukagwa maliro, kufika madzulo, mawa lake kubwerera. Zitunda zija ndimangozionera pawindo, nditapanikizika pakati pa thumba la ufa ndi munthu wogona. Chaka chino ndikatenga tchuthi ndikufuna ndikaziyende pa njinga yakapalasa, mosathamanga, ndizigona pomwe dzuwa landilowera.

Njinga ndili nayo ya magiya, matayala ake a 29, mabuleki a disiki. Ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito. Loweruka ndimapalasa kupita ku Moatize ndi kubwerera, nthawi zina ndimawoloka mlatho wa Samora Machel kukazungulira mumzinda, ndiye miyendo ilipo ndithu.

Maganizo anga ndi awa: kunyamukira pakhomo pompano, kutsata msewu wa N7, kukhota pa Mussacama kulowa wa N304 mpaka ku Ulongwe, makilomita pafupifupi 230. Ndikafika kumeneko ndikaone Domwe ndi Tsangano, kenako ndibwerere. Abwana andiuza kuti ndisankhe ndekha, Meyi kapena Okutobala. Amene mumadziwa dera limeneli ndithandizeni. Mwezi wabwino ndi uti, njira zokoma kupalasa ndi ziti, nanga munthu wosadziwika akafika pamudzi usiku amatani?

Malume a pa Domwe:

Mphwanga, za Okutobala uchotseretu m'mutu. Iwe wa ku Tete ukudziwa wekha kuti mwezi umenewo kutentha kumapyola madigiri 40. Kuno kumtunda sikufika pamenepo, koma ndi nyengo ya fumbi ndi utsi. Anyamata amakhala atatentha tchire posaka mbewa, mapiri saoneka bwino, timitsinje tambiri taphwa. Udzavutikira ulendo wonsewo kuti udzaone phulusa. Tenga Meyi. Mvula imakhala italeka, dothi lalimba koma lisanasanduke fumbi, madambo akadali obiriwira, chimanga chili pa mikukwe, ngolo zili piringupiringu kututa. Pakhomo lililonse pamakhala chakudya. Mlendo wa mu Meyi savuta kumulandira. Wa mu Januwale timamulandirabe, koma mayi wa panyumba amagona akuwerengera ufa wotsala.

Tsono izi zonyamukira pakhomo pako sindikugwirizana nazo. N7 ndi msewu wa malole opita ku Malawi kudzera pa Zobue, ena onyamula mafuta, ndipo akamapitirirana sakumbuka kuti m'mphepete muli munthu. Komanso taganiza: Tete ali pansi, sakwana ndi mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Ulongwe wapitirira mamita 1,200. Kusiyana konseko miyendo yako ndiyo idzalipire, padzuwa, utsi wa dizilo uli m'mphuno. Ukadzafika kuno mphamvu zidzakhala zitathera pa msewu umene ulibe chokoma. Kweza njinga pa chapa, udzatsikire ku Ulongwe, komwe ife timangoti pa Vila, pakuti Apwitikizi ankapatcha Vila Coutinho. Pomangirira njingayo uimirire pomwepo wekha. Anyamata opakira katundu sadziwa kuti kachitsulo kosinthira magiya kakumbuyo n'kosalimba, amangosanjikapo matumba.

Ine dziko lino ndaliyenda ndi matumba a kachewere ndi nyemba pa keriyala kuyambira pomwe tinabwerako ku Dedza, nkhondo itatha mu 1992. Njinga yanga ndi Hero, yopanda giya ndi imodzi yomwe. Ndiye zimene ndikuuzazi sindinazione pa mapu.

Kuno makilomita amanama. Ku Matundo ukati makilomita 40 ndi 40 basi, msewu wagona. Kuno dziko lili ngati mizere ya m'munda: ukatsika mzere uwu, wina wakudikira kale pamaso. Palibe chitunda chimodzi chachikulu choti ukachimaliza upume. Ndi tizitunda tosawerengeka, ndipo pansi pa kalikonse pali dambo kapena kamtsinje. Wochokera kuchigwa amakondwa ndi kutsetsereka koyamba, amapalasa mwamphamvu pokwera pachiwiri, pofika masana maondo ayamba kulankhula. Uzikwera ndi giya yofewa kuyambira m'munsi, utakhala pa chishalo, osaimirira. Ukaona kuti wapansi akuyenda mofanana nawe, tsika ukankhe, palibe amene adzakuseke. Tonse kuno timakankha.

Poyamba yesa miyendo pa phula lochoka pa Vila kupita ku Calomue, kumalire ndi Dedza, makilomita ngati 40. Udzaona phiri la Dedza likukula pamaso pako, ndipo udzadziwa mmene thupi lako likulandirira mpweya wa kumtunda. Ukabwerako, ndiye ulowe msewu wa ku Domwe, womwe umapitirira mpaka ku Furancungo ku Makanga. Phiri la Domwe ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, limaonekera kutali, moti ukasokera m'tinjira ta m'midzi ungokweza maso, lidzakuuza komwe uli. M'tsinde mwa phiri limenelo ndimo Angoni a kwa Maseko anakhazikika, ndipo dzina loti Angonia linachokera kwa iwowo. Chingoni cholankhula chinatha, tonse timayankhula Chichewa, koma ukapeza mwambo udzaona amuna akuvina ngoma ndi zishango, kuponda pansi mpaka fumbi.

Chachikulu chimene ndikufuna ugwire ndi ichi. Msewu waukulu ndi wongokufikitsa. Kukoma kwa dziko lino kuli m'njira zopatuka, ndipo njira zopatukazo zili mitundu iwiri. Pali ya apansi, pali ya ngolo. Ya apansi imadula molunjika: kutsika phompho, kuwoloka pa mtengo umodzi, kukwera tsidya linalo mogwira udzu. Ukafunsa mwana kuti njira yachidule ndi iti, adzakulozera imeneyo, ndipo sananame, koma njinga udzaisenza pamutu. Ya ngolo ndi ina. Ng'ombe ziwiri zokoka chimanga sizingakwere potsetsereka kwambiri, ndiye eni ngolo anasankha kalekale podzera: pamsana pa chitunda, kuzungulira mutu wa dambo, kuwoloka pomwe pansi pali mwala. Imatalika, koma imapalasika yonse. Ndiye pofunsa uziti, ngolo zimadzera pati popita kwakuti? Ukaona tinjira tiwiri toyenda limodzi, pakati pali udzu ndi ndowe, dziwa kuti uli pabwino. Ndipo poti njira zimenezi zimayenda pamsana, ndi pomwe umaona patali: minda ya soya ndi nyemba, zigafa za fodya, madimba m'madambo, malata akung'anima tsidya. Udzadutsanso mabwinja a makantina (masitolo) a Apwitikizi, makoma okhaokha, ena mitengo inamera m'kati.

Njira ina yosavuta ndi kufunsa kuti mawa msika uli kuti. Tsiku la msika, m'bandakucha, njinga zimatuluka m'midzi yonse kulunjika kumodzi. Tsatira amene anyamula katundu wolemera kwambiri. Munthu wa matumba awiri a kachewere salakwitsa njira.

Potsetsereka samala. Pansi pa chitunda ndi pomwe pamakhala mchenga, ngalande yokumbidwa ndi madzi, kapena ulalo wa mitengo yoyalidwa motsata njira, mipata yake yokwana tayala. Gwira mabuleki uli pamwamba, usadikire kuti uone ulalowo. Ukafika pa ulalo wa mitengo tsika, uwoloke wapansi.

Za mwambo, poti unakulira mumzinda, ndikukumbutse. Ukaona masamba kapena nthambi zayalidwa pamsewu, pali maliro. Tsika pa njinga, vula chipewa, ukankhe mpaka upitirire masamba a mbali inayo. Kaya wachedwa chotani, usadutse uli pa chishalo. Ndipo miyezi imeneyi kukolola kukatha, m'midzi ya Achewa gule amayamba kutuluka. Ukakumana naye panjira patuka, tsika, ngati uli ndi kandalama ponya pansi, umusiye adutse. Foni isatuluke m'thumba. Ndamva ana asukulu akunena kuti UNESCO inauzindikira Gule Wamkulu mu 2005, wa kuno, wa ku Malawi ndi wa ku Zambia pamodzi. Zoona zimenezo, koma sizikupatsa chilolezo chojambula. Ndipo kankhalango kowirira kali pakati pa minda, kopanda chitsa ndi chimodzi chomwe, ndi manda. Usakafunemo mthunzi.

Pogona: pa Vila pali mapensawu, nyumba zogona alendo, palibe vuto. M'midzi usadikire mdima. Dzuwa likapendeka funsa kwa anyakwawa, ufike, ukhale pansi, upereke moni, unene dzina, mfunda wako, mudzi wa makolo ako ndi komwe ukupita. Iwe poti makolo ndi akuno, udzadabwa, sipadzalephera wina wodziwa agogo ako. Chitupa chako chizikhala m'thumba la malaya, osati pansi pa katundu. Dera lino ndi la m'malire, kufunsidwa ndi apolisi kapena asekeretariyo, oyang'anira dera, si chipongwe.

Ena akuopseza za mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo. Boma linalengeza mu 2015 kuti ntchito yowachotsa yatha, ndipo njira za ngolo zikuyendedwa tsiku ndi tsiku. Chimene uyenera kuopa ndi agalu ndi njinga zamoto za anyamata a masiku ano.

Mkonzi wa pa Vila:

Amalume anena zonse za njira, ine ndinena za chitsulo, poti ndi chimene chimandidyetsa.

Achimwene, matayala a 29 ndi okoma kupalasa koma kumidzi kuno ndi alendo. Pansi pa mtengo uliwonse pali wokonza njinga, koma chimene ali nacho ndi cha 28, cha njinga ngati ya amalumewo, ndi cha 26. Tayala lanu likang'ambika ku Domwe mudzagona komweko kudikira chapa. Nyamulani machubu awiri, zigamba ndi guluu, ndipo ngati mungathe tayala limodzi lopinda. Yang'ananinso valavu. Ngati ndi yopyapyala ija yomasula kamutu, mapampu athu salowa. Bwerani ndi pampu yanu.

Mabuleki a disiki ali bwino pa zitunda zino, amaposa athu a ndodo. Koma timapadi take kuno simudzatipeza, ndiye ikani tatsopano musananyamuke, tina tikhale m'thumba. Ngati ndi amafuta, paipi ikaboola palibe amene adzakuthandizeni kumudzi. Onjezani kachilumikizo ka tcheni, masipoko angapo a saizi yanu omangirira ku felemu, masipanala a aleni ndi kabotolo ka oilo. Fumbi la kuno limaumitsa tcheni msanga. Madzulo pukutani ndi kansanza, donthezani oilo pang'ono, pukutaninso. Mukathira wambiri ndiye mwaitana mchenga.

Katundu asakhale kumsana. Chikwama chakumsana pa zitunda chimathyola m'chiuno ndi kutupitsa pokhalira. Ikani keriyala yolimba, mumange ndi malegeni. Malegeni amagulitsidwa pamsika uliwonse, ndipo ndi omwewo amene mudzamangire china chilichonse chikathyoka.

Pamodzi pokha ndiwonjezere pa mawu a amalume. Meyi woyambirira nthawi zina kamvula kamabwerera. Katondo wathu wofiira akanyowa amamata pa tayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Zikatero musalimbane naye, khalani pa khonde la munthu, dzuwa likawala pang'ono njira imauma. Mukakakamira, matope amalowa ku magiya akumbuyo n'kupinda kachitsulo kaja, ndipo ulendo wathera pomwepo.

Mayi wa ku Tsangano:

Amalume a ku Domwe, mwalankhula bwino koma Tsangano mwamudumpha ngati kulibe anthu. Mwanayu wafunsanso za kwathu.

Mwananga, kuno ndi kozizira kuposa pa Vila. Meyi akamatha, m'mawa manja amachita dzanzi pa handulo, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa m'madambo mpaka kuwaula masamba a kachewere. Iwe wozolowera kugona pabwalo ku Matundo, bwera ndi juzi yeniyeni, chipewa cha ubweya ndi bulangete lako. Usadalire la eni nyumba, nawonso ali ndi ana. Masiku ena nkhungu imaphimba mapiri mpaka dzuwa kukwera, ndiye nyali ya njinga ikhale yoyaka ngakhale masana.

Koma ukapirira kuzizirako udzaona zimene ku Tete kulibe. Kuno timalima tirigu, kachewere amakwera mpaka pamwamba pa mapiri, kabichi, anyezi, ndi mitengo ya mapichesi m'makomo, ngakhale zipatso zake ndi za nthawi ya dzinja, mu Meyi sudzazipeza. Zitunda zathu ndi zazitali kuposa za ku Ulongwe, ndiye tsiku la ku Tsangano ulipatse mtunda wochepa. Ukafuna popumira, ku mishoni ya Fonte Boa ndi malo odziwika, aliyense adzakulozera.

Malire kuno alibe mpanda. Munda uwu ndi wa ku Mozambique, winawo wa ku Malawi, ndipo msewu wa M1 wa ku Malawi pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire mwenimweni. Pa msika wa Lizulu tsidya lina la msewu ndi kwathu. Ukhoza kulowa dziko la eni osadziwa, chidzakuuze ndi foni ikayamba kugwira Airtel kapena TNM. Ngati ukufuna kupalasa m'kati mwa Malawi, kadindiritse pa chipata monga pa Calomue, usatengere ife amene timadziwana ndi mafumu a mbali zonse. Ndalama nyamula zapamanja, mametikali ang'onoang'ono. Ndalama za pafoni, e-Mola ndi M-Pesa, zilipo pa misika yaikulu, koma mayi wogulitsa thobwa m'mphepete mwa njira alibe chenji ya 500.

Ndipo izi zogona kwa anyakwawa, amalume anena mbali ya amuna. Anyakwawa amangoti mlendo agone, koma wotunga madzi osamba, wophika nsima ndi kuyala mphasa ndi mayi. Ndalama ukapereka imalowa m'thumba la bambo. Gula mchere, shuga ndi sopo pamsika, m'mawa potsanzika upereke m'manja mwa mayiyo. Madzi akumwa tunga pa mjigo, osati m'dambo, ndipo ukapeza amayi ali pa mzere usangolowerera ndi botolo lako. Pereka moni, pempha, adzakutungira okha. Kabotolo ka Certeza, mankhwala othira m'madzi akumwa, kakhale nako, mimba ya mumzinda imachedwa kuzolowera.

WaMatundo:

Zikomo kwambiri amalume, amayi, ndi inu achimwene a pa Vila. Meyi ndatenga, tayala lopinda ndiyamba kulisaka mawa. Mchere ndi sopo ndamva.

Koma amalume, mundikhululukire, pamodzi pokha mtima ukukana. Kukwera chapa mpaka pa Vila ndi zomwe ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse. Ndimafuna ndimve m'miyendo mwanga mmene dziko limakwerera kuchoka ku milambe kukafika ku kachewere. N7 ndaisiya, malolewo ndimawaona tsiku lililonse ku Moatize. Nanga nditatsikira pa Mussacama n'kuyambira pamenepo?

Malume a pa Domwe:

Amayi a ku Tsangano andigwira pakamwa, za sopozo n'zoona, akazi anga akanawerenga akanaomba m'manja.

Mphwanga, pa Mussacama ndavomera. Pamenepo wasiya kale malole ambiri opita ku Zobue, ngakhale ena amakhota nawe kulunjika ku Calomue, ndiye khutu likhale kumbuyo. Koma usayese kufika pa Vila tsiku limodzi. Ugawe pawiri, ugone panjira. Fika pa Mussacama madzulo, ugone mu neti pakuti kumeneko udzudzu ukadali wa kuchigwa, unyamuke kukangoyera, osati mumdima. Kukwera kwakukulu ukuchite dzuwa lisanapse. Madzi nyamula ochuluka kuposa mmene ukuganizira, chifukwa chigawo choyambacho midzi ndi yotalikirana, si ngati kuno komwe ukatuluka m'mudzi walowa wina. Nthochi, mtedza ndi mbatata yootcha uzigula pomwe wazionera, usati ndikagula patsogolo.

Mwayi wako ndi mphepo. Miyezi imeneyi mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndiye popita kumpoto udzakhala ukukukankha kumsana. Chifukwa cha chomwecho, ndasintha zimene ndinanena poyamba: Tsangano umuyambe pokwera, upatukire pa Mphulu miyendo ikadali yatsopano, utsikire ku Ulongwe, Domwe akhale womaliza. Ukazungulira mbali inayo udzakumana ndi zitunda za amayiwa utatopa kale, mphepo ili kumaso.

Pobwerera ku Tete ndiye kwera chapa basi. Kutsika N304 ndi katundu, mabuleki atadyeka ndi fumbi la ulendo wonse, malole ali kumbuyo, ine sindingalole mwana wa mlongo wanga. Ukadzafika pa msika wa Domwe udzafunse mkulu wa Hero yakuda yokhala ndi belu ziwiri, ogulitsa nyemba akudziwa komwe ndimakhala.